Ndani Anaika Bokosi la Ndalama pa Makina?

Pali nkhani imene amalonda amakonda kusimba. Amati kale ku America kunali anyamata awiri kapena atatu, anzeru zoposa anthu onse. Anyamatawo anadzitsekera m'galaja, ndipo potuluka anali ndi kompyuta m'manja. Kenaka analemera. Nkhani imathera pomwepo. Ife omvera timatsala kukamwa kuli yasa, tikuganiza kuti makina otere ndi matsenga a anthu ocepa, ndipo gawo lathu ndi kugula basi.

Ife tikuikana nkhani imeneyi. Anyamatawo analikodi, ndipo ena anali akhama. Koma nkhaniyo inadulidwa mutu ndi miyendo. Imabisa amene analipira, imabisa amene analemba, imabisa amene analumikiza mawaya. Munthu sabisa zinthu zotere popanda colinga.

Tiyambe tamvana pa mau. Kompyuta ndi makina otsata malangizo olembedwa. Payokha sidziwa kanthu. Munthu amailembera kuti: yamba ici, kenaka ico, ukapeza cakuti ubwerere poyamba. Malangizo amenewa amachedwa pulogalamu. Sewero la pa kanema, lija mwana amakankha tinthu toyenda pa galasi, nalonso ndi pulogalamu imene munthu wina anakhala pansi n'kulemba. Foni imene ana anu amalimbirana madzulo ndi mdzukulu wa makina amene tikambe pano.

M'caka ca 1958, ku Brookhaven, m'cigawo ca New York, kunali malo ofufuzira za sayansi oyendera ndalama za boma. Caka ndi caka ankatsegula zitseko kuti anthu wamba adzaone nchito yao. Wasayansi wina, William Higinbotham, anafuna kuti alendo asamangoyang'ana zinthu zosayenda. Iye anakonza sewero la tenisi, ndipo mmisiri wina, Robert Dvorak, analumikiza mawaya ake. Pa kagalasi kakang'ono kozungulira, kadontho kowala kankalumpha mzere, anthu awiri akukabwezerana. Alendo anaima pa mzere wautali kuti alaweko. Palibe amene analipira. Sewerolo litaonetsedwanso mu 1959, makinawo anamasulidwa kuti zitsulo zake zikagwire nchito zina.

Mu 1962, pa sukulu ya ukacenjede ya MIT, m'cigawo ca Massachusetts, panali kompyuta yochedwa PDP-1. Mtengo wake unali madola 120,000, ndalama zimene banja wamba silikanaziona ndi kumaloto komwe. Gulu la acinyamata linapeza mpata woigwiritsa nchito. Steve Russell analemba sewero la zombo ziwiri zothamangitsana mumlengalenga, lochedwa Spacewar. Tamvani mmene linakulira. Peter Samson anaona kuti nyenyezi za pa galasi zangomwazika, naika nyenyezi zenizeni monga zimaonekera usiku. Dan Edwards anaonjezera mphamvu ya dzuwa yokoka zombo. Martin Graetz anaonjezera njira yothawira. Pulogalamu yonse inali pa mkwamba wa pepala wobooledwa timabowo, ndipo aliyense wofuna ankakopera n'kupita nayo ku sukulu ina. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili linasenzedwa ndi mitu yambiri.

Ife zimenezi si zacilendo. Bawo ali ndi mwini? Amene akudziwa malamulo ake amakumba maenje pansi pa mtengo, natola timiyala, sewero layamba. Mwana amaphunzira poonerera akulu, ndipo mudzi wina ukasinthako pang'ono kaseweredwe palibe amene amapita nao ku bwalo la milandu. Masewera oyamba a pa kompyuta anayamba motero.

Tsono bokosi la ndalama linabwera liti? Mu 1971. Nolan Bushnell ndi Ted Dabney anatenga maganizo a Spacewar, naika sewerolo m'bokosi lalitali lokhala ndi kabowo koponyera ndalama. Analicha Computer Space. Caka cotsatira anakhazikitsa kampani ya Atari, nalemba nchito injiniya wacinyamata, Allan Alcorn, amene anapanga Pong, sewero la kampira kobwezerana. Analiika m'nyumba yomwera mowa ku Sunnyvale, ku California. Pasanapite masiku ambiri mwini malo anaitana kuti makina aonongeka. Alcorn atatsegula anapeza kuti palibe caonongeka. Ndalama zinali zitadzaza mpaka njira kutsekeka.

Amalonda amaikonda kwambiri nkhani ya ndalama zodzazayi. Cimene sakonda kunena n'cakuti Bushnell anali ataonapo kale sewero lofanana nalo pa makina a Magnavox Odyssey, ocokera ku nchito ya injiniya Ralph Baer. Kampani ya Magnavox inakasuma, ndipo mu 1976 Atari inavomera kulipira. Ndiye taonani. Pamene ankatenga nzeru za ena, ankati nzeru zilibe mpanda. Ndalama zitayamba kulowa, aliyense anathamangira kumanga mpanda wake.

Tisiye kaye masewera, tione mmene kompyuta inalowera m'nyumba za anthu. Pano ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira kuwerenga.

Mu 1964 aphunzitsi awiri a pa Dartmouth College, John Kemeny ndi Thomas Kurtz, anakonza cinenero colembera malangizo cochedwa BASIC. Anacikonza dala kuti cikhale cosavuta, ca mau ocepa, kuti wophunzira amene si katswiri wa masamu athe kulamula makina. Iwo ankakhulupirira kuti luso limeneli liyenera kufika kwa aliyense. Sanacigulitse. Anacipereka kuti ena acigwiritse nchito ndi kucisintha.

M'mwezi woyamba wa 1975, caka cimene dziko lathu linalandira ufulu, magazini ina ya ku America, Popular Electronics, inaonetsa pa cikuto cake makina ochedwa Altair 8800. Ankagulitsidwa pafupifupi madola 400, ali zidutswazidutswa, kuti wogula alumikize yekha. Analibe galasi loonerapo. Analibe mabatani a zilembo. Anali ndi timaswici ndi timagetsi tofiira basi, ndipo ankatha kusunga m'mutu mwake zilembo 256 zokha, zosakwana ndime imodzi ya tsamba lino. Komabe anthu zikwi anaitanitsa. M'mwezi wacitatu wa caka comweco, anthu pafupifupi 30 anakumana m'galaja ina ku Menlo Park, ku California, nayambitsa gulu lochedwa Homebrew Computer Club. M'galaja imeneyi munali anthu ambiri, ndipo nchito yao inali kuphunzitsana. Wina akatulukira njira, ankaimirira n'kuuza anzake. Steve Wozniak, amene anakonza kompyuta yoyamba ya Apple, ankagawa kwaulere mapepala osonyeza mmene makina akewo amalumikizidwira.

Mu 1976 mnyamata wa zaka 20, Bill Gates, analembera anthu amenewa kalata yowadzudzula. Iye ndi anzake anali atalemba BASIC yoyenera makina a Altair, ndipo ambiri ankaikopera osalipira. M'kalatamo anawanena kuti akuba. Tisamunamizire: anali ndi mfundo. Wolima ayenera kudya. Munthu akathera miyezi akulemba pulogalamu, thukuta lake lisapite pacabe. Tingomukumbutsa kuti cinenero ca BASIC anacipeza cokonzedwa kale ndi aphunzitsi aja, ndipo nchito yakeyo anaicitira pa kompyuta yaikulu ya yunivesite ya Harvard. Koma tiyeni tiigwire mfundo yakeyo, tipite nayo kwa eni makampani. Ngati wolima ayenera kudya, kodi iwo anawadyetsa olemba ao?

Mu 1976 Atari inagulidwa ndi kampani ya Warner pa madola 28 miliyoni. Mu 1977 inatulutsa makina osewerera kunyumba, olumikiza ku wailesi ya kanema. Sewero lililonse linali m'kabokosi kake kolowetsa m'makinamo, ndipo kabokosi kalikonse kankagulidwa padera. Nthawi imeneyo sewero lonse linkalembedwa ndi munthu mmodzi. Zithunzi, phokoso, malamulo, zonse iye yekha, kwa miyezi. Koma dzina lake silinkalembedwa pa bokosi, ndipo pa ndalama za malonda sankalandirapo gawo. Kampani inkaopa kuti maina akadziwika, ena adzawakopa anchitowo ndi malipiro abwino. Mu 1979 anai mwa olemba aluso, David Crane, Alan Miller, Bob Whitehead ndi Larry Kaplan, anapempha kuti nchito yao izindikiridwe. Atakanidwa anacoka, nakayambitsa kampani ya Activision, imene inkasindikiza dzina la wolemba aliyense.

Wina anacita mwa njira ina. Warren Robinett analemba sewero lochedwa Adventure, limene linatuluka mu 1980. Podziwa kuti dzina lake lidzabisidwa, anamanga kacipinda kobisika m'kati mwa sewerolo, osauza munthu. Kuti ulowemo unayenera kupeza kadontho kakang'ono kobisidwa m'khoma, n'kukanyamula kupita nako pamalo ena. Ukalowa, unkapeza dzina lake litalembedwa ndi zilembo zothwanima. Mabokosi ambiri anasindikizidwa, nagulitsidwa, mabwana osadziwa. Anadziwa pamene mnyamata wina wa ku Salt Lake City anakapeza kacipindako n'kuwalembera kalata. Apo n'kuti Robinett atacoka kale pa nchito.

Amai ndi abambo, ambiri a inu mukudziwa tsiku limene munthu amasiya kudinda cala, nalemba dzina lake ndi dzanja lake. Mukudziwa kulemera kwa tsikulo. Munthu uyu anali wophunzira kwambiri, wa ku dziko lolemera, komabe anacita kuzemba ngati wakuba kuti alembe dzina lake pa nchito ya manja ake.

Ndipo iye cikhalireco dzina lake tikulichula lero. Alipo ena amene maina ao sanalowe ndi m'kacipinda kobisika komwe. Ku Dundee, ku Scotland, kunali fabrika ya Timex, imene poyamba inkapanga mawoci. Anchito ambiri kumeneko anali amai. Zala zao, zozolowera tizitsulo ting'onoting'ono ta mawoci, ndizo zinalumikiza makompyuta a Sinclair amene analowa m'nyumba zambiri za ku Britain. Mwini dzina, Clive Sinclair, analemekezedwa ndi mfumukazi. Fabrika ya ku Dundee inatsekedwa mu 1993, pambuyo pa sitalaka yowawa ya miyezi yambiri.

Makina a Sinclair amenewa tiwaone bwino, cifukwa akutsutsa bodza lina, lakuti kompyuta ndi cinthu ca akatswiri okha. ZX81 inatuluka mu 1981. Inali yaing'ono ngati buku, ndipo mtengo wake unali mapaundi 69.95, kapena 49.95 ukafuna kulumikiza wekha. Inkasunga zilembo 1,024 zokha. Unkailumikiza ku wailesi ya kanema ya m'nyumba, ndipo ukaiyatsa sinkakupatsa sewero lililonse. Pa galasi pankangooneka kacizindikiro kamodzi pakona, kudikira kuti ulembe. M'bokosi lake munkabwera buku lophunzitsa BASIC. Magazini ankasindikiza masewera monga mizere ya mau ndi manambala, ndipo wofuna kusewera ankayenera kukopera yekha, cilembo ndi cilembo, nthawi zina mpaka usiku. Akalakwitsa cilembo cimodzi, sewero linkakana. Ankabwerera pa tsamba, cala pa mzere, kufunafuna polakwika. Akamaliza ankasunga nchito yake pa kaseti wamba, yonga ya nyimbo.

Kodi imeneyi si nchito imene timacita m'kalasi mwathu? Cala pa mzere, diso pa cilembo, kufufuta ndi kuyambanso. Ndipo wokopera sakhalitsa pa kukopera. Tsiku lina amafunsa kuti, nambala iyi ndikaisintha cicitike n'ciani? Amasintha, naona kampira kakuthamanga kwambiri. Mawa amasintha zina. Ambiri mwa amene pambuyo pake anakhala olemba mapulogalamu ku Britain anayamba conco, pa mphasa ya m'cipinda cocezera, ali ana a sukulu. Makina a ZX81 anagulidwa oposa miliyoni ndi theka.

Boma la kumeneko linaona kufunika kwake. Mu 1982 nyumba youlutsa mau ya BBC inayamba nchito yophunzitsa anthu onse za kompyuta, ndipo pochula nchitoyo inabwereka liu lomwelo limene amachulira kudziwa kuwerenga ndi kulemba. Panali maphunziro a pa kanema, mabuku, ndi makina opangidwira nchitoyo ochedwa BBC Micro. Boma linkalipirako theka la mtengo kuti masukulu agule. Nazonso ndi ndalama za anthu onse, za msonkho, zimene nkhani ya amalonda siichula.

Wina anena kuti: zonsezi zinacitika ku maiko a magetsi, nanga ife zitipindulira ciani? Funso ili ndi loona, ndipo sitilinyoza. M'zaka zimenezo midzi yathu inalibe magetsi, inali pa nkhondo, ndipo ngakhale coko ca pa bolodi cinkasowa. Koma makinawa sanatidikire kuti tikonzeke. Afika kale m'matumba mwathu. Ndiye n'koyenera kudziwa kuti afika ali a mtundu uti, cifukwa pa ciyambi panali mitundu iwiri. Ena ankadikira kuti ulembe. Ena ankadikira kuti uponye ndalama.

Mtundu waciwiriwo unaonetsa khalidwe lake msanga. Mu 1982 Atari inalipira ndalama zambirimbiri kuti ipange sewero locokera pa filimu yochuka ya E.T. Pofuna kuti lifike m'masitolo Khrisimasi isanakwane, inapatsa wolemba mmodzi, Howard Scott Warshaw, masabata asanu okha, pamene nchito yotere inkatenga miyezi. Sewerolo linatuluka losapsa. Ogula ambiri anabweza. Nthawi yomweyo makampani ena ambirimbiri anali atadzaza masitolo ndi masewera opangidwa mothamanga, aliyense kufuna kukolola pamene sanalime. Anthu anatopa nazo, naleka kugula. Mu 1983 Atari inataya madola oposa 500 miliyoni. Ena mpaka lero amaloza cala Warshaw. Ife tikufunsa: analamula masabata asanu ndani?

Ndipo analipira ndani? Kumayambiriro kwa 1983 kampaniyo inalengeza kuti icotsa anchito 1,700 ku California ndi kusamutsira nchito yopanga makina ku Hong Kong ndi ku Taiwan, kumene malipiro anali otsika. M'mwezi wacisanu ndi cinai wa caka comweco, malole anacoka ku El Paso, ku Texas, atasenza katundu wosagulidwa, nakamutaya ku dzala la tauni ya Alamogordo, ku New Mexico. Timabokosi ta masewera pafupifupi 700,000 tinakwiriridwa, ndipo pamwamba anathirapo simenti kuti ana asafukule. Ana amene akanasewera kwaulere anaonedwa ngati ngozi yoposa kutaya katundu yense. Kwa zaka zambiri anthu ena ankati nkhani ya dzalayi ndi nthano cabe, mpaka mu 2014 pamene anakumba pamalopo, khamu likuonerera, natulutsa timabokosi toposa 1,000.

Amalonda anatengapo phunziro lao. Mu 1985 kampani ya ku Japan, Nintendo, inabweretsa makina ake ku America, ndipo m'kati mwake inaikamo loko. Kabokosi ka sewero kopanda kiyi wa kampaniyo kankakanidwa. Iwo anati akuteteza ogula ku masewera oipa, ndipo n'zoona kuti masewera ao ambiri anali abwino. Koma loko yemweyo anatsekera kunja aliyense wofuna kulemba cake popanda cilolezo ndi malipiro. Makina amenewo analibe mabatani a zilembo. Mwana ankapatsidwa kacipangizo kogwira m'manja kokhala ndi timabatani towerengeka, tokwanira kulumpha ndi kuthamanga. Yang'anani foni imene ili m'nyumba mwanu, mufunse kuti inatengera mbali iti. Kangati imapempha mwana wanu kuti alembe malangizo ake? Nanga kangati imamupempha ndalama kuti apitirize sewero?

Asatiuze kuti njira inali imodzi yokha. M'caka comwe cija ca dzala la ku Alamogordo, 1983, ku Yugoslavia, dziko la ku Ulaya limene pambuyo pake linagawanika, kunacitika zina. Kumeneko makompyuta a kunja anali odula, ndipo malamulo oitanitsira katundu ankatsekereza anthu wamba kuwagula. Injiniya wacinyamata wa ku Belgrade, Voja Antonić, anakonza kompyuta ya zipangizo zocepa ndi zochipa, naicha Galaksija. Mapulani ake onse anawapereka kuti asindikizidwe m'magazini, ndi malangizo a mmene munthu angalumikizire yekha kunyumba. Okonza magaziniyo ankayembekezera anthu mazana angapo. Amene anaitanitsa zipangizo anafika pafupifupi 8,000.

Mapulogalamu a makina amenewa ankasungidwa pa kaseti monga phokoso. Tsono woulutsa mau wina wa pa wailesi ya ku Belgrade, Zoran Modli, anayamba kuwaulutsa pa pulogalamu yake yochedwa Ventilator 202. Ankacenjeza omvera kuti akonze makaseti ao, kenaka nyimbo zinkaleka, ndipo m'wailesi munkamveka kulira kosokosa ngati kwa nyenje. Osadziwa ankayesa kuti wailesi yaonongeka. Odziwa ankajambula phokosolo, n'kulilowetsa m'makina amene analumikiza ndi manja ao, ndipo pa galasi pankatuluka sewero. Ena ankalitsegula, kusintha mizere ingapo, kuonjezerapo zao, n'kutumiza kaseti ku wailesi kuti sewero losinthidwalo liulutsidwenso kwa onse.